Nagama Akwera Kawiri

Mu ufumu wa Tionamawa, umene likulu lake ndi mzinda wa Pondaponda, munali mwambo umene ngakhale ana a mkaka ankaudziwa: Mfumu siuzidwa zachilendo. Mfumu Ndamvakale inabadwa ikudziwa zonse, choncho aliyense wolankhula pamaso pake ankayamba ndi mawu akuti, "Monga mukudziwa kale, Mfumu." Chaka china mlonda anathamanga kukanena kuti khitchini ya kunyumba yachifumu ikupsa. Anayamba ndi mawu omwewo, Mfumu n'kugwedeza mutu. Khitchiniyo inapsa yonse, pakuti panalibe wolimba mtima woti n'kuzimitsa moto umene Mfumu inkaudziwa kale. Kuyambira pamenepo akuluakulu a malamulo anagwirizana kuti chinthu chimene Mfumu ikuchidziwa n'kuchilekerera sichingakhale mlandu.

Pa phulusa la khitchini ija anamangapo kakhitchini ka malata, ndipo m'menemo ndi mmene Nagama ankaphikira nduna tiyi. Anali mayi wosachuluka mawu. Asanalowe m'bwalo ndi thireyi yake ankaima kaye pakhomo n'kunong'ona, "Ambuye, ndigwireni pakamwa." Kunama sankanama. Nduna ikamufunsa ngati suti yaikhala bwino, iye ankayamikira nsapato.

Chaka chimene tikunenachi mumzinda munabuka mkangano wa kayendedwe. Kuyambira kale anthu ankakwera matakisi a pa Siteji ya Watsalammodzi, timagalimoto tokhala ndi chikwangwani chachikasu padenga, timene sitinyamuka tisanadzaze. Kenako kunabwera Nditoleni, apu ya pafoni. Ukadina, galimoto inkakupeza pamene uli, n'kukutenga wekhawekha, ndipo ukafika unkapatsa dalaivala nyenyezi. Anthu a mu Pondaponda ankapereka zisanu nthawi zonse, chifukwa kumana nyenyezi munthu amene wakufikitsa wamoyo ankakuona ngati kusaleredwa bwino.

Mbali iliyonse inali ndi nduna yake. A Sizisintha, Nduna ya Zamakolo, ndiwo anali mkulu wa bungwe la matakisi a pa siteji. A Dinanipo, Nduna ya Zamakono, anali mkulu wa a pafoni. Mabungwe awiriwa ankagwirizana pa chinthu chimodzi chokha: dalaivala wopezeka akudyera mbali zonse ziwiri alandidwe galimoto.

"Monga mukudziwa kale, Mfumu," anatero a Sizisintha tsiku lina m'bwalo, "makolo athu ankapanikizana. Kupanikizana ndiko kunamanga mtundu uno. Munthu amene sananyamulepo nkhuku ya mlendo pamiyendo, umodzi angaudziwire kuti?"

"Monga mukudziwa kale, Mfumu," anayankha a Dinanipo, "kumayiko kwa anzathu munthu safuna galimoto, galimoto ndi imene imafuna munthu. Magalimoto anga adzaza mzinda wonse, ndipo onse ndi a nyenyezi zisanu. Thambo lomwe layamba nsanje."

"Anga ndiwo adzaza mzinda!"

"Anga!"

Palibe anafunsa kuti mzinda wa misewu yochepa chotere ungadzaze bwanji kawiri.

Mfumu inakweza chala, bwalo n'kuti zii. Inalamula kuti mzinda umodzi ukhale ndi kakweredwe kamodzi. Munthu mmodzi akwere takisi ya pa siteji kupita ku Msika wa Tsitsaniko, abwerere pa ya pafoni, ndipo adzanene imene yaposa inzake. Magalimoto a mbali yogonja akaikidwe kubwalo la kuseri kwa nyumba yachifumu. Aliyense ankalidziwa bwalo limenelo. Kunali mawilibala ndi njinga zimene zinalandidwa m'malamulo akale, ndipo nkhuku za Mfumu zinkaikira m'menemo.

Tsono akwere ndani? Nduna zonse zinayamba kuyang'ana nsapato zawo. Panalibe ndi imodzi yomwe imene inkakumbukira kuti chitseko cha takisi amatsegula bwanji. Maso a Mfumu anayendayenda mpaka anakagwera pa Nagama, amene anali atagwada akuthira mkaka m'kapu.

"Iwe," inatero Mfumu, pakuti Mfumu sinkafunsa mafunso, "kumbutsa bwaloli mmene umabwerera kuntchito."

"Monga mukudziwa kale, Mfumu, ndimakwera takisi. Masiku ena ndimayenda pansi."

"Ukwera ndiwe."

Nduna zinaomba m'manja. Nagama anatuluka ndi thireyi, makapu akulira okha. Achimwene ake, a Filimoni Gama, anali dalaivala wa pa Siteji ya Watsalammodzi. Kagalimoto kawo kasiliva ndi kamene kankadyetsa ana awo, ndiponso ndi kamene kankatengera amayi awo okalamba kuchipatala kukalandira mankhwala a shuga. Nagama anaganiza za kagalimotoko katakhala kuseri, nkhuku itafungatira pampando wa dalaivala, ndipo tiyi wotsala m'ketulo sanamumwe.

Mmawa mwake anamupatsa foni ya kunyumba yachifumu, iye n'kuimanga pakona ya chitenje. Pa siteji woitanira anali akukuwa, "Tsitsaniko, watsala mmodzi! Watsala mmodzi!" M'galimotomo munalibe munthu. Nagama ankafuna kupewa ya achimwene ake kuti pasakhale kukondera, koma pa siteji sasankha, umakwera imene ili patsogolo pa mzere. Imene inali patsogolo inali yasiliva, yokhala ndi chibowo pachitseko chakumanzere.

"Achemwali!" anafuula a Filimoni, chipewa chili pambali. "Woweruza wa dziko lonse! Lowani kutsogolo kuno."

"Musandiseke, achimwene. Tulo sindinatione."

"Nanga kudya?"

Nagama anapukusa mutu. A Filimoni anatulutsa mbatata yootcha m'kapepala, n'kuibenthula, n'kumupatsa mbali yaikuluyo.

Mmodzi wotsala uja anabwera kangapo konse. Pamene ankanyamuka, kumbuyo kunali anthu opitirira mipando, kutsogolo Nagama anali atagawana mpando ndi mayi wonyamula nkhuku, ndipo giya inkasinthidwa mopepesa bondo lake.

"Akuti mwa awiriwa wina apita kuseri kwa nyumba yachifumu," anatero bambo wina wa jekete kumbuyoko, mawu ake akutulukira pansi pa thumba la usipa. "Bola akanatenga ife okwerafe. Mwina kumeneko kuli pokhala."

"Ine za pafonizo ndinayesa," anatero mayi wa nkhuku. "Inandifunsa kuti ndili pati. Ndinaiuza kuti ndili pamene panali mtengo wa mbawa uja. Mpaka lero ikuganizabe."

"Inu munalakwitsa, mayi. Mbawayo inadulidwa foniyo isanabadwe."

Anaseka onse, n'kugwirana mapewa pamene galimoto inkalambalala Lonjezo, dzenje lalikulu la pakati pa msewu limene nduna zinkabwera kudzaliyendera chaka chilichonse. Patsogolo pang'ono bambo wina wokalamba, wa ndodo ndi jekete lakuda, anaimika dzanja. Malo munalibe ngakhale a ndodoyo. A Filimoni anachepetsa liwiro, n'kuika dzanja pachifuwa mopepesa, bamboyo n'kubweza ndi mutu. Atafika ku Kwapepani anapeza masamba atayalidwa mumsewu, chizindikiro chakuti pali zovuta. A Filimoni anazimitsa wailesi, n'kuvula chipewa, galimoto n'kumangokwawa. Nkhuku yomwe inakhala chete.

Pofika ku Tsitsaniko mwendo wa Nagama unali utachita dzanzi, ndipo nkhuku inali itasiya chikumbutso pachitenje chake. Anakoka chotsegulira chitseko, koma sichinatseguke. A Filimoni anachita kuzungulira kukatsegulira kunja.

"Achimwene, chitsekochi bwanji osachikonza? Akandifunsa ndikanena chiyani?"

"Mukanene zimene mwaona, achemwali. Simunayambe mwanamapo, musayambire pa ine."

Analowa m'galimoto n'kuchoka akuimba mluzu. Mluzuwo unamuwawa Nagama kuposa mwendo. Iye akunyamula nkhawa ya banja lonse, mwini galimoto akuimba!

Anamasula foni ija n'kuyamba kuibaya ndi chala. Abiti Mdoka, wogulitsa tomato pafupi ndi geti la msika, anamuyang'ana mpaka chifundo chinawagwira.

"Bweretsani kuno, mayi. Ichi mumachisisita ngati mwana, osati ngati mukupha nsabwe. Ndinu aja atumidwa ndi Mfumu?"

"Ndine."

"Mukawauze kuti ife tikufuna apu yonena kumene kwabwera mafuta," anatero wogulitsa anyezi pambalipo. "Galimoto tidzaifuna tokha."

"Ndi ina yoyitanira mvula," anawonjezera wina. "Imeneyo tidzaipatsa nyenyezi zonse za kumwamba."

Abiti Mdoka anasisita, foni n'kulira. "Eya, yavomera. Akuti dalaivala wanu ndi Fili, wa nyenyezi zisanu. Khalani apa pamthunzi, musaime padzuwa." Anamusunthira kabokosi koti akhalepo.

Posakhalitsa galimoto inaima pageti. Padenga panalibe chikwangwani. Pagalasi pankalendewera kamtengo konunkhira. Dalaivala anatuluka atavala tayi ndi magalasi akuda, anatsegula chitseko chakumbuyo, n'kuwerama.

"Takulandirani, madamu."

Nagama anayang'ana mtundu wa galimotoyo. Anayang'ana chibowo cha pachitseko chakumanzere. Pampando wakutsogolo panali nthenga ya nkhuku.

"Achimwene!"

"Pang'onopang'ono, madamu, foni imamva."

"Chikwangwani chili kuti?"

"M'buti. Ndi cha maginito."

Abiti Mdoka anaseka mpaka tomato wina anagubuduka. "Kani simunkadziwa? Mzinda wonse ukudziwa, mayi. Osadziwa ndi okhala paphiri paja, kunyumba yachifumu, okha."

Nagama anafuna kukhala kutsogolo, koma a Filimoni anati apu imafuna kuti madamu akhale kumbuyo. Atanyamuka anavula magalasi aja, n'kuyamba kulankhula akuyang'ana msewu.

"Tonse a pa siteji timatero, achemwali. Foni ikalira, chikwangwani m'buti, tayi m'khosi. Ikakhala chete, tayi m'thumba, chikwangwani padenga. A Sizisintha akaitanitsa msonkhano timapita ndi zipewa. A Dinanipo akaitanitsa timapita ndi matayi. Tsiku lina anaitanitsa onse nthawi imodzi, tinachita kuthamanga uku ndi uku, onse awiri n'kutiyamikira kuti tabwera mwaunyinji."

"Nanga ine osandiuza bwanji?"

"Inu mumagwira ntchito paphiri, ndiye simunama. Tikanakusenzetsa bwanji katundu wotere?"

Nagama anaona mmene nkhaniyo yamuzingira. Akanena kuti ya pa siteji yagonja, galimoto yopita kuseri inali iyi. Akanena kuti ya pafoni yagonja, inali iyinso. Akanena zonse mmene zilili, mabungwe onse awiri akanailanda mokondwera, chifukwa pa chimenecho pokha ankagwirizana.

"Ndiye mluzu munkaimba uja unali wa chiyani?"

"Mantha, achemwali. Mwaiwala? Ine ndikamaopa ndimaimba mluzu. Tsiku limene tinasochera kumunda kwa amalume ndinaimba mpaka milomo inauma." Anasintha giya, popanda bondo loti alipepese. "Simungangonena kuti zonse ndi zabwino?"

"Ndinganene. Koma akandifunsa amene anandiyendetsa?"

Patapita kanthawi mluzu unayambiranso, wotsika.

Kunena zoona, kumbuyoko kunali bwino. Nagama anatambasula miyendo mbali iyi, n'kuitambasulanso mbali iyo. Panali kabotolo ka madzi koti amwe. Koma munali zii ngati m'chipinda chodikirira dokotala, ndipo wolankhula anali mayi wa m'foni yekha, amene ankanena mokoma kuti, "Pitirirani molunjika," ngakhale kutsogolo kukakhala mbuzi. Atafika pa masamba a ku Kwapepani a Filimoni anachepetsa liwiro monga mmawa muja, dzanja n'kupita kumutu kukavula chipewa chimene chinali m'buti. "Mukuchedwa," anatero mayi wa m'foni. A Filimoni anaitembenuza foniyo chafufumimba.

Patsogolo pa masambawo, bambo wa ndodo uja anali akuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu, akubwerera kokapepesa maliro. Ulendo uno sanaimike dzanja. Galimoto yopanda chikwangwani saimika.

"Imani, achimwene."

"Apu siilola, achemwali. Galimotoyi ndi yanu nokha."

"Ngati ndi yanga ndekha, ndiye imani."

Bamboyo analowa, n'kuika ndodo pakati pa mawondo. Anayang'ana dalaivala, anayang'ana chitseko. "Mwana wanga, si iwe unandipepesa mmawa? Tayi wakukhala, koma chipewa chija chinkakukhala koposa." Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa mtedza wokazinga, n'kugawira onse awiri. Anatsikira pafupi ndi Lonjezo, n'kuima akuwadalitsa mpaka atakhota.

Paphiri bwalo linali litadzaza. Kuseri anali atasesa kale, nkhuku atazisamutsa, asilikali ali chire ndi zingwe zokokera magalimoto. A Sizisintha anavala chikopa paphewa. A Dinanipo anabwera ndi mafoni m'manja monse. Nagama anaima pakhomo monga mwa masiku onse, koma pemphero linatuluka lina: "Ambuye, lero pakamwa musandigwire. Ndigwireni miyendo."

"Kumbutsa bwaloli zimene wapeza," inatero Mfumu.

Nagama anagwada. "Monga mukudziwa kale, Mfumu, popita tinapanikizana, koma tinaseka. Pobwera ndinatambasula miyendo, koma ndinasowa wocheza naye mpaka titatenga bambo wina panjira."

"Mwamva! Anaseka!" anafuula a Sizisintha.

"Anatambasula miyendo!" anafuula a Dinanipo. "Ndipo kuti nkhani ithe, atchule dzina la dalaivala wanga, ndimuveke mendulo lero lomwe."

"Atchulenso la wanga. Mendulo ndili nayo inenso."

Nagama anafunafuna nsapato yoti ayamikire, koma funsolo linalibe nsapato. Anaona kagalimoto kasiliva kuseri kuja, anaona amayi ake akudikira pakhonde ndi kabuku ka kuchipatala. Anapuma, n'kuyamba mmene munthu aliyense amayambira polankhula ndi Mfumu, pakuti njira ina yoyambira sankaidziwa.

"Monga mukudziwa kale, Mfumu, popita anandiyendetsa achimwene anga, a Filimoni Gama. Pobwera anandiyendetsanso a Filimoni Gama. Galimoto ndi yomweyo. Ndipo monga mukudziwa kale, Mfumu, onse a pa siteji amatero. Foni ikalira, chikwangwani chimalowa m'buti, tayi n'kutuluka m'thumba."

Foni imodzi ya a Dinanipo inagwa pansi, palibe anaitola. Nsidze za Mfumu zinayamba kukwera. Zinakwera mpaka pakati pa mphumi, kenako zinakumbukira kuti ndi za yani, n'kutsika mwaulemu. Mfumu inagwedeza mutu.

"Ndamva kale," inatero. "Zimenezi ndakhala ndikuzidziwa kuyambira kalekale. Ndinkafuna ndione ngati nduna zanga zikudziwa."

"Ine ndinkadziwa, Mfumu!" anatero a Dinanipo mofulumira.

"Ine ndinayamba kudziwa iwowa asanadziwe!" anatero a Sizisintha. Kenako, poti asilikali anali akuyang'anabe ndi zingwe zawo, anawonjezera motsitsa, "Komabe lamulo la bungwe limati wodyera mbali ziwiri..."

Mkulu wa malamulo anatsokomola. Anangoloza pawindo, kumene denga la kakhitchini ka malata linkanyezimira padzuwa. A Sizisintha anakhala pansi, n'kuyamba kukonza chikopa chawo.

Tsiku lomwelo Mfumu inalengeza kuti mwanzeru zake yagwirizanitsa zakale ndi zamakono m'galimoto imodzi, chinthu chimene mayiko ena onse alephera. Inakhazikitsa tchuthi cha Tsiku la Chikwangwani ndi Tayi. Inakhazikitsanso Unduna Woyang'anira Mabuti, n'kuupereka kwa alamu ake. Koma panatsala vuto limodzi: kuseri anali atasesa kale, ndipo mpikisano wachifumu sungathe popanda wogonja. Bwalo linakambirana mozama, n'kupeza kuti amene anachedwetsa maulendo onse awiri ndi Lonjezo. Analamula kuti dzenjelo ligwidwe, likaikidwe kuseri. Asilikali anapita ndi mafosholo kukalikumba kuti alinyamule. Amene amadutsa msewu umenewo amati tsopano ndi lalikulu kuposa kale, ndipo asilikaliwo akukumbabe.

Nagama anatsuka makapu ake, anatseka kakhitchini, n'kutsika phiri. Kunja kwa geti kunali kagalimoto kasiliva, chikwangwani chili padenga, dalaivala atavala tayi ndi chipewa pamodzi, poti sankadziwa kuti amugwira ngati ndani. Mluzu unkamveka kuchokera patali. Ataona nkhope ya mlongo wawo, mluzuwo unaduka.

"Achemwali?"

"Galimoto ndi yanu, achimwene. Akuti Mfumu inkadziwa kale."

A Filimoni anatsamira galimotoyo, n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Nagama anayang'ana kumbali kuti asawachititse manyazi, n'kunong'ona zikomo kwa Iye amene anamugwira miyendo.

"Ndiye mukwera iti, madamu?" anafunsa a Filimoni akupukuta m'maso. "Yakale kapena yamakono?"

"Ya kutsogolo. Ndipo tikapeza munthu panjira, tiime."

Anali atatsika kale phiri pamene foni ya a Filimoni inalira. Anaiyang'ana, n'kuponda buleki.

"Achemwali! Nyenyezi zinayi? Mu Pondaponda muno sizinachitikepo! Mlongo wanga weniweni?"

"Foniyo inandifunsa ngati zonse zinali bwino," anatero Nagama, akupinda chitenje pamene nkhuku inasiya chikumbutso. "Yachisanuyo mudzaipeza mukakonza chitseko."